Muvi Umene A Dauda Sanaugogode

A Dauda sankakhulupirira muvi uliwonse asanaugogode. Akakwera minibasi ku Limbe ankakhala kutsogolo, n'kutambasula dzanja, n'kugogoda ndi chikhadabo pa galasi la geji ya mafuta. Madalaivala ena ankakwiya. Ena anazolowera, ankangopendeketsa mkono kuti dzanjalo lidutse. Pa sikelo ya wogulitsa nyemba mumsika ankatero. Pa wotchi ya pakhoma m'nyumba ya eni ankatero. Akagogoda ankadikira pang'ono, maso ali pa muvi, kenako n'kupitiriza nkhani pamene anaisiyira.

Ine ndine Elliot. Ndimakonza mawotchi pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Makolo anga anachokera ku Milanje, mbali ya Mozambique, ndipo ku Kanjedza nyumba yathu inayandikana ndi ya kwawo kwa a Dauda, pakati panali mtengo wa mapeyala basi. Iwo Asilamu, ife Akatolika. Tinakulira limodzi, ndipo zaka zawo zomaliza anathera pa benchi la pakhonde langa, akugogoda mawotchi a anthu.

"Mudzaswa galasi, a Dauda," ndinkawauza.

"Ndikaswa mukonza. Nanga mumadyera chiyani?"

Bambo awo anali dalaivala wa malole, anamwalira ana akali kusukulu. Mkulu wawo, a Suhail, ndi amene analowa m'malo pa chiwongolero. A Dauda nawo anayamba ngati dalaivala, pa kakampani kena kamene kanali ndi tindege tiwiri, topopera mankhwala m'minda ya nzimbe ndi kunyamula mabwana a m'maesiteti. Ntchito yawo inali kututa migolo ya mafuta kupita nayo ku bwalo la ndege la Chileka. Mwini wake, mkulu wina wokalamba, anaona kuti dalaivalayu akatsitsa migolo sachoka, amangozungulira ndege. Anayamba kuwatenga m'mwamba, kenako anawatumiza kokalemba mayeso a oyendetsa ndege. Ku Kanjedza tinakhulupirira titaona yunifolomu.

Mayi awo, mayi Halimatu, sanapiteko ku Chileka ngakhale kamodzi. Kandege kakamveka ankatuluka panja, dzanja pachipumi, n'kunena kuti, "Mwanayu wachoka osadya." A Suhail ankangoseka. "Chinthu chopanda hutala, chopanda poima kuti ugule chimanga chootcha. Imeneyo ndi ntchito?" Koma kumalole ankauza aliyense kuti mng'ono wawo amayendetsa ndege.

Mayi Halimatu anamwalira m'mwezi wa Julaye, m'mawa, atangomaliza swala, pemphero la m'bandakucha. Nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali asanafale. Kwa anzathuwa maliro sagona: munthu akamwalira m'mawa, dzuwa lisanalowe akhale ataikidwa. Ndipo mayi akamwalira, amene amatsika m'manda kukalandira thupi ndi ana ake aamuna. Mayi Halimatu anali nawo awiri. Mmodzi anali pomwepo. Winayo, a Suhail, anali ku Bangula, kumene ankatuta thonje, ndipo msewu wakumeneko masiku amenewo unali maenje okhaokha.

Uthenga unawapeza kudzera pa foni ya pamalo osungira thonje. Mnzawo wina, a Habib, anali ndi pikapu, ndipo anati tiyeni tinyamuke pompano, tikathamanga tikapeza. A Suhail anali ataponya kale chikwama kumbuyo pamene foni inaliranso. Anali a Dauda.

"Achimwene, musavutike ndi msewu. Abwana andipatsa ndege. Dikirani pabwalo, ndikubwera."

A Suhail anatsitsa chikwama. A Habib ananyamuka okha.

Ndinawaona a Dauda akuchoka pamaliro. Anauza amjomba awo, a Kalimu, mlongo wa malemu, kuti asadandaule, pomakwana swala ya masana akhala atabwera onse awiri. Kumwamba kunali koyera, koma kamphepo kozizira kankachokera mbali ya ku Thyolo. Amene anakulira m'Blantyre amakadziwa kamphepo kameneko. Pofika masana chiperoni chinali chitatsika. Phiri la Soche linasowa, la Bangwe linasowa, kenako nsonga za mitengo ya m'nkhalango ya Kanjedza. Kamvula kowaza kanayamba, kaja konyowetsa munthu osadziwa.

Azimayi anamaliza kusambitsa thupi. Sanda inakulungidwa. Swala ya masana inadutsa, ya madzulo inayandikira. A Kalimu anati tinyamule, tikawadikirire kumanda. Ine ndinatsatira jeneza, chonyamulira maliro, pambuyo, monga mnansi. Titafika, jeneza linaikidwa pambali pa dzenje, anthu n'kuima chete, makola a majekete atakwezedwa.

Tili chiimire, ndinaona munthu akulowa pachipata, fumbi lofiira mpaka m'nsidze. Anali a Habib. Anayang'ana uku ndi uku.

"A Suhail ali kuti? Sanafike?"

"Akubwera pa ndege," wina anayankha.

A Habib anangopita kukaima pafupi ndi mafosholo.

Kenako tinaimva. Kandege, pamwamba pa mtambo, kulira kwake kukuchokera mbali ya Soche. Anthu onse anakweza nkhope. Panalibe choona, imvi zokhazokha. Kanadutsa pamwamba pathu, kanapita cha ku Ndirande, kanabwerera. Shehe anatseka buku lake n'kumadikira. Kanazungulira, kanazunguliranso, nthawi yaitali ndithu. Nthawi ina kanamveka pafupi kwambiri moti ena anawerama. Ndiye kulira kuja kunayamba kuchepa, kukulowera kummwera kumene kanachokera, mpaka tinangotsala ndi madontho a m'mitengo.

Palibe ankadziwa ngati katera kwina, kapena kagunda phiri. Shehe anayang'ana a Kalimu. A Kalimu anayang'ana kumadzulo, kumene kunali kutayamba kuda. Anavula nsapato. Anaitana mwana wa msuweni wawo, ndi bambo wina wa mumzikiti amene malemu sankamudziwa n'komwe dzina. Amenewo ndi amene analandira mayi Halimatu. A Habib anathira nawo dothi.

Zimene zinachitika m'mwambamo a Dauda anandiuza pang'onopang'ono, m'zaka zambiri, lero kachidutswa, mwezi wina kachidutswa. Ine sindinkafunsa.

Kandegeko kanali ka mipando inayi. Ku Bangula anatera bwino, a Suhail anakwera n'kukhala kumanja kwawo. Kwa a Suhail kanali koyamba kukwera ndege. Asananyamuke, a Dauda anayendetsa maso pa mageji onse monga mwa nthawi zonse. Pakona panali kageji kakang'ono kosonyeza ngati batire ikudzazidwa. Muvi wake unali pakati, pamene umayenera kukhala. Anauona, anapitirira.

Atakwera kudutsa mapiri a ku Chikwawa anapeza mtambo utaphimba Blantyre yense ngati thonje loyala. Sanade nkhawa. Ndege ili ndi wailesi yolankhulira ndi a pabwalo, ndiponso zida zimene zimakulondolera mumtambo mpaka uone msewu woterapo. Anaitana ku Chileka. Mawu a kumeneko anamveka patali, akudukaduka. Anaitananso. Manambala a pawailesi anazilala, n'kuthima. Mivi ya mafuta inagwa yonse kusonyeza kuti matanki ndi ouma.

"Mafuta atha!" anakuwa a Suhail.

"Mafuta alipo, ndinathira ndekha. Magetsi ndi amene apita."

"Ndiye injini izima?"

"Sizima. Injini ya ndege ili ndi moto wakewake, sidalira batire."

Apo m'pamene anagogoda kageji kaja. Muvi unagwera kumanzere nthawi yomweyo. Unali utakakamira, kaya kuyambira liti. Amakanika anadzapeza kuti lamba wa alitaneta, chipangizo chodzaza batire, anali ataduka, mwina pa ulendo wopita. Ndege inkadya batire yokha osaibwezera, muvi uli phee pakati.

Anachita zimene anaphunzitsidwa. Anathimitsa chilichonse chodya magetsi. Anapapasa mafyuzi. Anathimitsa switchi yaikulu, n'kudikira, n'kuyatsa wailesi yokha. Inaphethira kamodzi, basi. Anayang'ana wotchi ya pamkono, imene ndinawakonzera ine, kuti adziwe mafuta atsala a nthawi yotani. Kenako anayamba kufunafuna pong'ambika mtambo. Chinkaoneka n'kansonga ka phiri la Ndirande, ndi Mulanje kutali. Poona kansongako anadziwa kuti Limbe ali pansi pawo, ndipo analakwitsa kunena.

"Ndiye tsika," anatero a Suhail.

"Sindikuona pansi, achimwene."

"Wanena wekha kuti kwathu ndi apa."

"Soche alinso apa. Bangwe ali apa. Ndikalowa mumtambomu sindidziwa amene ali kutsogolo."

"Iwe Dauda, amayi ali pa jeneza. Akudikira ife. Tsiku la munthu linalembedwa kale, tsika!"

"Linalembedwa, inde. Koma chiwongolero anapatsa ine."

Anazungulira mpaka wotchi inawauza kuti akapitiriza, mafuta obwererera kuchigwa sakwana. Atatembenuzira ndege kummwera, a Suhail anagwira chiwongolero cha mbali yawo n'kuchikankha. Ndege inaweramira mumtambo. A Dauda anawamenya pamkono ndi chibakera, mwamphamvu, mpaka anasiya.

Pamenepa a Dauda ankaima kaye akamafotokoza. "Ndinawamenya, a Elliot. Achimwene anga, amene anandilipirira sukulu."

Anakatera pa kabwalo ka m'minda ya nzimbe ku Nchalo. Timapiko tochepetsa liwiro potera timayendera magetsi, ndiye sitinatsike. Ndege inafika pansi ikuthamanga, inadya bwalo lonse n'kukaima mphuno ili m'nzimbe. Palibe anavulala. Atatuluka, a Suhail anafunsa funso limodzi.

"Kaja wagogoda kaja. Ukanagogoda ku Bangula, chikanachitika n'chiyani?"

A Dauda akanatha kunama. A Suhail za ndege sankazidziwa.

"Ndikanadziwa kuti batire sikudzazidwa. Ndikanathimitsa zonse, n'kuisunga, n'kudzayatsa wailesi titafika pamtambo."

"Tikanatera?"

"Tikanatera."

Anakwera lole ya shuga. Anafika ku Kanjedza mdima utagwa, anthu atabwerako kale kumanda. Munthu woyamba kuwalandira pachipata anali a Habib, atasamba, atavala malaya obwereka.

Pa sadaka ya arobaini, imene amachita pakapita masiku makumi anayi, a Suhail anaimirira pamaso pa akuluakulu. Sanakweze mawu. Anati, "Ine ndikadzafa, uyu asadzatsike m'manda mwanga." A Dauda anali atakhala pamkeka, mbale ya mpunga ili patsogolo. Sanaidye.

Kuyambira pamenepo anayamba kugogoda.

Chipembedzo chawo chimati munthu akakupatsa salamu uyenera kuyankha. A Suhail ankayankha. Lachisanu lililonse potuluka mumzikiti a Dauda ankawadikira pa nsapato. "Salamu aleikumu, achimwene." "Wa aleikumu salamu." N'kuvala nsapato, n'kumapita. Pa Idi chimodzimodzi. Pa ukwati wa ana chimodzimodzi. Akazi a a Dauda, mayi Rania, atamwalira, a Suhail anabwera, ananyamula nawo jeneza, anayankha salamu. Mashehe anayesa. A Kalimu anayesa mpaka imfa yawo. Yankho linali limodzi: "Salamu ndimamuyankha. Chatsala n'chiyani?"

A Dauda anaulukabe zaka zingapo. Kenako matenda a shuga anawagwira maso, dokotala wa oyendetsa ndege anakana kuwasainira. Anagula galimoto yakale n'kumayendetsa takisi pa Limbe. Anyamata a pasiteji ankawatcha Kaputeni, ena mwaulemu, ena monyoza. "Kaputeni, lero tiuluka kapena tikankha?" Iwo ankangomwetulira, n'kugogoda geji, n'kuliza injini. Maso atafika poti usana ankaona anthu ngati mitengo, anagulitsa galimoto n'kubwera pa benchi langa. Ana awo, onse aakazi, anakwatiwa ku Mangochi. Ankawaitana kuti akakhale nawo. Ankakana. Sankanena chifukwa, koma ine ndinkadziwa: a Suhail anali ku Nkolokosa, ndipo Lachisanu linkabwera sabata iliyonse.

Tsiku lina ndinawafunsa ngati akanatsika, atapatsidwanso tsikulo.

"Ayi," anatero. "Kubwerera sindinalakwe. Ndinalakwa ndili pansi, injini isanalire."

Chaka chatha, nyengo yozizira, a Suhail anasiya kubwera ku mzikiti. Mapapo. Fumbi la thonje ndi utsi wa malole wa zaka zonsezo. Patapita masabata, akazi awo, mayi Sumayyah, anabwera pakhonde langa. A Dauda anali asanafike.

"Bambo Elliot, alamu anga muwabweretse mawa. Mwini wake sanawaitane, ndisakunamizeni. Koma kuchipatala atibweza, akuti tikawasamalire kunyumba."

Tinakwera minibasi. A Dauda anavala mkanjo woyera wa pa Idi. Njira yonse anandigwira pachigongono, mpaka tinatsika ku Nkolokosa.

M'chipindamo munali fungo la mankhwala opaka. A Suhail anali atatsamira mapilo, munthu wamkulu uja atatsala mafupa. M'mphuno munali kapaipi, kochokera ku silinda ya mpweya imene inaima pafupi ndi bedi. Pamutu pa silindayo panali kageji. Mwana wawo wamkulu, Abdulmalik, bambo wa ana ake kale, anatipatsa mipando n'kukaima pakhomo.

"Salamu aleikumu, achimwene."

"Wa aleikumu salamu."

Kunja wina ankatsatsa makala. Mayi Sumayyah anabweretsa tiyi, palibe anamukhudza. Ndinayamba kuganiza kuti tibwerera choncho.

"Ndiwe wakhungu tsopano," anatero a Suhail.

A Dauda anadzidzimuka ngati wina wawaponda. Kupatula salamu, anali mawu oyamba m'zaka zoposa makumi awiri.

"Pang'ono, achimwene. Kuwala ndimakuona."

"Ndimamva kuti umagogoda masikelo a anthu mumsika. Amakuseka."

"Amandiseka."

"Akuchita bwino." Anapuma, mpweya ukulira m'kapaipi. "A Elliot, mumamupirira bwanji ameneyu?"

"Benchi ndi lalitali," ndinatero.

Mayi Sumayyah anagwada pafupi ndi bedi. "Bambo a Abdul, alamu abwera. Mawu aja munanena pa sadaka ya amayi, bwanji muwamasule? Anthu adzatifunsa ife."

A Dauda anaweramitsa mutu. Manja awo anali pamaondo, zala zitatambasuka.

"Mawu aja ali pomwepo," anatero a Suhail. "Ndipo ndikuwonjezera. Abdul, ukumva? Nawenso usadzatsike."

"Adadi!"

"Amayi analandiridwa ndi munthu amene sankamudziwa dzina. Ana awo awiri, amoyo, amphamvu, ali m'nzimbe. Ndiye ine ndikalandiridwe ndi mwana wanga? Ndikawauza chiyani? Mudzatenge aliyense wa mumzikiti."

Anatsokomola nthawi yaitali. Mayi Sumayyah anawapukuta pakamwa. A Dauda anadikira mpaka chifuwa chitakhazikika.

"Nanga ine, achimwene?"

"Iwe chiyani?"

"Ine adzandilandire ndani?"

"Ukufunsa chiyani? Si mayi mmodzi anatibala? Zako ndi zanga n'zimodzi."

A Dauda anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sindikudziwa ngati chimenecho n'chimene anadikira zaka zonsezo. Chikhululuko sichinatchulidwe. A Suhail anatembenukira kukhoma n'kutseka maso.

Zinachitikadi monga ananenera. A Suhail anamwalira sabata yomweyo, ndipo kumanda a Dauda anaima kumbuyo pamodzi ndi ine ndi Abdulmalik, alendo akutsika m'dzenje. A Dauda nawonso anatsatira mango asanapse, atadwala masiku ochepa kunyumba, ndipo anasiya mawu omwewo kwa akamwini awo.

Koma tsiku lija ku Nkolokosa, tisanatuluke, a Dauda anaimirira n'kupapasa m'mbali mwa bedi mpaka dzanja linapeza silinda. Analiyendetsa kukwera, chitsulo chozizira, mpaka pa kageji. Abdulmalik anafuna kuwaletsa, mayi ake anamugwira mkono. A Dauda anawerama, nkhope pafupi ndi galasi, ngakhale sakanaona kanthu. Anagogoda ndi chikhadabo. Anadikira.

"A Elliot," ananong'ona. "Wasuntha?"

Ndinayang'ana. Muvi unali pamene unali.

"Sunasunthe."

"Ndiye ukunena zoona," anatero. "Mpweya ulipo, alamu. Tiyeni, a Elliot."